Eriyo Yoloza Kumsewu

Nditabwerera kuntchito, patatha masabata atatu chiikireni mkazi wanga m'manda, ndinapeza mlongoti utaima kale kuseri kwa kiliniki. Unali wa paipi yachitsulo, wozikidwa m'simenti, wokokedwa ndi mawaya atatu kuti mphepo isaugwedeze. Amene anauimika ankaidziwa ntchito yake. Pamwamba pake panali eriyo imene ndinaisiya m'katoni, ndipo inali italoza kumwera, kumene msewu wafumbi umatulukira m'Kanakantapa kupita ku Chongwe. Ndinaiyang'ana kamodzi kokha. Nsanja imene tinkafuna kulankhula nayo inali kumadzulo, chakubwalo la ndege.

Zinali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mafoni opanda waya anali atangoyamba kuoneka mu Lusaka, ndipo eni ake ankawanyamulira m'manja ngakhale anali ndi matumba. Ku Kanakantapa kunalibe ngakhale lamya ya waya. Bungwe limene linandilemba ntchito nditamaliza koleji linkayesa kulumikiza makiliniki angapo akumidzi ndi ofesi yake ya mumzinda, kuti namwino akafuna mankhwala kapena galimoto yonyamula wodwala asamadikire minibasi yoti itenge kalata. Ine anandipatsa kiliniki ya ku Kanakantapa chifukwa ndinachita kuipempha. Mkazi wanga ankaphunzitsa pasukulu yapafupi, ndipo abale ake, amene anasamuka kuchokera kum'mawa, anali ndi minda komweko.

Zipangizo zinali zochepa: kompyuta imodzi, modemu, foni yokhomedwa pakhoma yooneka ngati kabokosi ka nsapato, mabatire awiri ndi sola padenga. Zonsezo ndinali nditalumikiza. Kunatsala mlongoti ndi eriyo basi pamene mkazi wanga anadwala. Anadwala masiku asanu ndi anayi.

Anasiya mwana wamkazi wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Pamaliro akuluakulu anakambirana, ndipo mwanayo anapita kwa amayi a mkazi wanga, monga mmene mwambo wathu ulili. Sindinatsutse. Kuchokera pakiliniki kukafika kwa apongozi kunali kuyenda mphindi makumi awiri, ndipo panalibe wondiletsa kupitako. Zimenezo zinkandikwanira, malinga ndikhale ku Kanakantapa.

Kalata ya abwana anga inabwera ndi kondakitala wa minibasi Lolemba lomwe ndinabwereralo. Anayamba ndi chipepeso chachifupi. Kenako analemba kuti nthawi yoyesera inali itatha, ndipo kiliniki ina inkapempha zipangizo zomwezo. Lachisanu abwera ndi galimoto. Ngati pofika tsikulo uthenga wochokera ku Kanakantapa udzakhale usanafike pakompyuta ya ku ofesi, adzapakira zonse, ndipo ine ndidzabwerera kukagwira ntchito ku Lusaka. Sindinawaone ngati ouma mtima, chifukwa anali atandidikira kale kuposa mmene akuluakulu awo ankafunira. Koma Lusaka ndinkaidziwa. Mwana wanga ndikanamamuona kamodzi pamwezi, ndipo m'dzinja mwina osamuona n'komwe.

Sindinade nkhawa. Kutembenuza eriyo ndi ntchito ya mphindi khumi. Umamasula mabawuti awiri, n'kuizungulitsa, n'kumanganso. Masiku anayi anali ambiri.

Asisitala, namwino wamkulu wa pakilinikipo, anandipeza ndili chiimire kuseriko. Anali mayi wokulira mu Lusaka, wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Ba injiniya, mwabwela. Pepani nafuti." Anandigwira chanza ndi manja awiri, kenako n'kuyang'ana m'mwamba. "Mwaona vamene banakuchitilani bamalume banu? Masiku yabili, na bamuna banayi ba ku chechi. Bakuti mukabwela mupeze nchito yatha."

Amalume amene ankanenawo anali mlongo wa apongozi anga, kalipentala, mwini mbumba. Ndiwo analankhula pamaliro m'malo mwa banja, ndiwo ananena kumene mwana adzakhale, ndipo tsiku lodzandimasula ku umasiye linali m'manja mwawo.

"Manje n'chifukwa chani sivikamba?" anafunsa asisitala titalowa mkati. "Nimayatsa foni tsiku na tsiku monga mwamene munanionetsela. Tumizele tuja palibe olo kamodzi."

Mayiyu anandiuza kuyambira tsiku loyamba kuti sadzakhudza chinthu chimene sachidziwa dzina. Choncho pamwamba pa tebulo tinali titakhoma katoni yolembedwa mawu ochepa a ntchito yathu, m'Chinyanja. Netiweki ndi makompyuta olumikizidwa kuti azitumizirana uthenga. Imelo ndi kalata yoyenda pa netiweki, ndipo seva ndi kompyuta ya ku Lusaka imene imalandira makalata athu n'kutisungira obwera. Modemu imasandutsa zolembedwa kukhala kulira kumene foni ingathe kunyamula. Siginala ndi mphamvu ya mafunde ochokera kunsanja, ndipo imaoneka ngati timizere pagalasi la foni. Eriyo ndi khutu ndi pakamwa pa foni. Ine ndinali nditalemba ndime yathunthu pa liwu lililonse. Mkazi wanga, amene ankaphunzitsa ana a giredi yachitatu, anazidula zonse mpaka kutsala mzere umodziumodzi, n'kulemba yekha pakatoniyo chifukwa zilembo zanga ankati zili ngati mapazi a nkhuku. Ndinaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako ndinayatsa foni.

"Siginala kulibe chifukwa eriyo siiona nsanja," ndinatero.

"Nsanja ili kuti?"

Ndinaloza kumadzulo. Asisitala anasuzumira pawindo, anayang'ana kumene ndinaloza, n'kuyang'ana eriyo, n'kudzigwira pakamwa.

"Baituma kukayembekeza minibasi."

"Musauze munthu."

"Nizabauza neka bamalume banu. Ine sindine mkamwini wao."

"N'chifukwa chake nikupemphani kuti musawauze."

M'katoni ya eriyo ndinapezamo kapepala kamene ndinalemba ndisanachoke, kodzikumbutsa ndekha. Panali muyezo wa dzenje, kutalika kwa paipi, ndi mawu akuti eriyo iloze ku Lusaka. Amalume anatsatira zonse, mzere ndi mzere.

Makwerero otalika kufika pamwamba pa mlongoti analipo amodzi okha m'dera lonselo, ndipo anali awo. Masana ndinapita kushedi yawo. Ndinawapeza akupala chitseko, pensulo ili kukhutu. Ndinanjuta chapatali pang'ono, tinapatsana moni, anandifunsa ngati ndadya.

"Mlongoti mwauona?"

"Nauona, amalume. Waima bwino kwambiri. Zikomo."

"Simenti ija ninasakaniza nekha. Anthu a masiku ano amachulutsa mchenga."

"Nabwera kudzabwereka makwerero. Nifuna nikaone ngati waya wagwira bwino pamwamba."

Anaika puleni pansi.

"Waya ninamanga ine. Wagwira. Ndipo ngakhale ukanapanda kugwira, inu simukwera. Mpaka titakumasulani, phazi lanu likhale pansi."

"N'ntchito yanga, amalume. Nakwera milongoti yaitali kuposa uja."

"Munakwera muli na mkazi. Kwathu kum'mawa ninaona munthu, mwezi umodzi ataika wake, anakwera kukafolera nkhokwe. Nkhokwe chabe. Wofedwa maso amakhala pano, mtima uli kwina." Anatenganso puleni. "Mwana uja wataya amake. Zakwana."

Pamenepo m'pamene ndinayenera kunena. Mawu ndinali nawo, ndipo anali ochepa. Ku koleji anatiphunzitsa kuti ukapeza cholakwika uzichitchula poyera, osachikongoletsa, chifukwa waya sumva ulemu. Koma munthu uyu anasiya zitseko za anthu masiku awiri, anaitana anzake anayi a kutchalitchi, ndipo pamaso pawo analozetsa eriyo kumsewu ndi dzanja lake. Anachita zimenezo ine ndili pamphasa, osatha ngakhale kudziwa kuti ndi tsiku lanji. Ndinathokoza, n'kunyamuka wopanda makwerero.

Lachiwiri ndinachita zonse zimene munthu angachite ali pansi. Ndinayeza mabatire, ndinayeza waya kuchokera pafoni mpaka pamene dzanja langa linkafika, ndinatsegula modemu n'kuitsekanso. Zonse zinali bwino, monga ndinkadziwira. Kenako ndinamasula foni pakhoma, ndinaikweza pawilibala pamodzi ndi batire limodzi, n'kukankha mpaka pachulu chachikulu chimene chinali kuseri kwa manda a pafupi ndi sukulu, kumene tinaika mkazi wanga, m'munda wa munthu. Pamwamba pa chulucho, ndi kaeriyo kakang'ono kamene kanabwera ndi foniyo, kamzere kamodzi kanaoneka, n'kuzimiririka, n'kuonekanso. Nsanja inalipo, ndipo inkatimva. Ndinakhala pachulupo nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna.

Ndinaganiza zokoka waya kuchokera pachulu mpaka pakiliniki, koma waya wautali umadya siginala, ndipo kamzere kamodziko kakanathera panjira. Ndinaganiza zozungulitsa mlongoti wonse kuchokera pansi, koma simenti ya amalume inalibe mchenga wambiri. Ndinaganizanso zopeza munthu wina wokwera ndi chingwe. Dzuwa lisanalowe amalume akanamva kuti mkamwini wawo watuma mlendo kukakonza ntchito yawo mobisa, ndipo zimenezo zikanapweteka kuposa kuwauza.

Lachitatu m'mawa asisitala anandipeza ndagwadanso pamabatire.

"Ba injiniya, lelo mupima chani? Aya mwayapima kale katatu. Yazalema."

"Nifuna kutsimikiza."

"Mwatsimikiza kudala. Imwe munaphunzila kukambitsa makompyuta, koma kukamba na nkhalamba imodzi mwakangiwa. Pa Chisanu ngati banyamula foni yanga, nizakulembani pa buku ya odwala."

Madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, ndinkapita kwa apongozi. Ndinkakhala pakampando pansi pa mtengo wa mango, iwo ali pakhonde, atatembenukira kumbali monga mmene mpongozi amakhalira ndi mkamwini. Sitinkalankhulana maso ndi maso. Mawu athu ankadzera mwa mwana, ngakhale mwanayo anali asanadziwe kulankhula. Tsiku limenelo anali ataima atagwira bondo la agogo ake. Anandiyang'ana, anasiya bondolo, n'kuyenda. Ndinawerenga mapazi asanu asanagwere m'manja mwanga. Ananunkhira sopo ndi utsi. Anagwira cholembera chimene chinali m'thumba la malaya anga n'kuyamba kuchiluma.

"Wayamba dzulo," anatero apongozi, akuyang'ana nkhuku. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Iwe, uwauze atate ako kuti asisitala anadzera kuno. Uwauze kuti mlongo wanga sadya anthu. Amangokuwa."

Asisitala ndinawapempha kuti asauze amalume, ndipo sanawauzedi.

Lachinayi ndinafika kushedi amalume asanatulutse zida zonse. Titapatsana moni sindinadikire kuti andifunse za chakudya.

"Amalume, eriyo ija yaloza kolakwika. Iyenera kuloza kumadzulo."

Anapitiriza kujambula mzere pathabwa mpaka kumapeto.

"Papepala munalemba chiyani?"

"Kuti iloze ku Lusaka."

"Inu mukamapita ku Lusaka mumadzera kuti?"

"Kumsewu."

"Makalata amadzera kuti? Mukafika pamsewu wa tala ku Chongwe, mitengo ya lamya imatsata chiyani? Ine ninaiona na maso anga. Imatsata msewu mpaka m'tauni. Siidutsa m'munda mwa munthu."

"N'zoona. Koma ija ili na waya, ndipo waya amaufunira poyenda anthu oukonza. Yathuyi ilibe waya." Ndinatola thabwa pamulu, ndinalikweza kumaso n'kutsinzina diso limodzi. "Mukafuna kudziwa ngati thabwa n'lowongoka, mumatani?"

"Mwabwera kudzaniphunzitsa ukalipentala?"

"Iyayi. Nikuti eriyo imayang'ana chonchi. Diso limodzi, kuchoka pamlongoti kukafika pansanja, osakhota. Chilichonse choima pakati chimatchinga."

"Nsanjayo ili kuti?"

"Kumene ndege zimatera."

Anatuluka m'shedi, anaima poyera n'kuyang'ana kumadzulo, manja ali kumbuyo. Kenako anayang'ana kumwera. Ndinkaona kuti akuyeza, monga mmene ankayezera denga asanakwere.

"Mwadziwa liti?"

"Lolemba."

"Lolemba." Anachotsa pensulo kukhutu n'kuibwezeranso. "Lero n'Lachinayi. Mawa abwera kudzanyamula katundu, zimenezo namva. Ndiye munati mukhale chete, mukwere galimoto, mwana akule akufunsa kuti bambo amabwera na mabisiketi uja n'ndani. Zonsezo kuti nkhalamba isachite manyazi."

"Munanichitira chifundo, amalume. Sin'nafune kuchibweza na chidzudzulo."

"Chitseko chikakhota, mwini nyumba amabwera tsiku lomwelo. Ena amabwera akutukwana. Nimatenga puleni, nimapita, nimakonza. Amene nimamuopa n'uja amakhala chete, chitseko chikukwekwesa pansi chaka chonse." Analowa m'shedi n'kuyamba kumasula chingwe chimene chinamanga makwerero kudenga. "Ndipo pepala lanu lija munalembera anzanu a ku koleji. Mukanakhoma chikhomo pansi, mukanati eriyo iyang'ane ichi, bwenzi pano mukumwa tiyi."

"N'zoona."

"Gwirani kumapeto uko. Kunyamula makwerero sin'naletse."

Tinafika pakiliniki benchi la odwala litadzaza. Amalume sanadikire kufunsidwa. Anaima pamaso pa azimayi onsewo n'kunena kuti, "Chinthu chija ninachilozetsa kumsewu, ndipo mkamwini wanga watha masiku atatu akuopa kuniuza." Anthu anaseka, ndipo amene ankamusekayo ndinali ine.

Tinagawana ntchito. Amalume anakwera ndi sipanala, amuna awiri amene anaperekeza odwala atagwira makwerero. Ine ndinakhala mkati, maso ali pagalasi la foni. Kuchokera patebulo sindinkatha kuwaona, ndipo iwo sankandimva, choncho asisitala anaima pawindo, mutu uli kunja, n'kumanyamula mawu.

"Manje modemu ndine," anatero. "Kambani."

"Azungulitse pang'onopang'ono chakumanja."

"Bakuti chakumanja, pang'ono pang'ono."

Kuchokera pamwamba kunabwera mawu akuti, "Kumanja kwa ndani?"

"Ba injiniya, bafunsa kuti kumanja kwa ndani. Mwayamba futi."

"Chakusukulu," ndinatero. "Auzeni chakusukulu."

Kwa kanthawi galasi linali lopanda kanthu. Kenako kamzere kamodzi kanatuluka n'kukhazikika. Ndinati apitirize. Kachiwiri kanabwera, n'kuchoka atapitirira, ndipo ndinati abwerere pang'ono chakudambo. Tinachita zimenezo kangapo mpaka titapeza pamene timizere tiwiri tinkaima osagwedezeka. Amalume anamanga mabawuti, anatsika, n'kulowa kudzaona, akupukuta manja pabuluku.

Ndinauza kompyuta kuti iimbe ku seva. Modemu inalira, ya ku Lusaka inayankha chapansipansi, kenako foni inaduka. Ndinayesanso kawiri. Kachitatu sinayankhe n'komwe.

"Timizere tiwiri n'tokwanira kuti anthu alankhulane," ndinawauza. "Munthu akaphonya liwu limodzi amalingalira yekha. Modemu siilingalira. Ikaphonya, imasiya."

"Tifunika tingati?" anafunsa amalume.

"Titatu."

Amalume anatuluka panja. Ndinawapeza ataima patsinde pa mlongoti, diso limodzi litatsinzina, dzanja litawongoka motsata eriyo. Kumapeto kwa dzanjalo kunali mzere wa mabulugamu a pasukulu.

"Ija ndiye ikutchinga?"

"Nsonga zake chabe."

"Mitengo ya ahedi sitingadule. Tikweza mlongoti."

Ndinawauza vuto langa, kuti waya wa eriyo sungalumikizidwe ngati chingwe cha mbuzi, ndipo ndinalibe wina. Analoza chapakati pa mlongoti. Waya wotsala anali ataukulunga bwinobwino n'kuumanga ndi mphira.

"Chinthu chimene sungathe kuchilumikizanso suchidula," anatero.

Anapita kwa wosamalira mjigo n'kubwera ndi paipi yakale imene inachotsedwa m'chitsime. Anatsitsa eriyo, anamangirira paipiyo kumlongoti ndi zitsulo ziwiri zimene anazipinda pomwepo, n'kukwezanso. Ntchitoyo inatenga nthawi yonse ya masana. Ine ndinkapereka zida kuchokera pansi ndi chingwe, ndipo panthawiyi ndinakhoma chikhomo pamzere umene tinapeza m'mawa kuti eriyo ibwerere pomwe inali. Chinthu chimenecho ndinachichita pakiliniki iliyonse imene ndinagwirapo ntchito pambuyo pake. Ndisanalembe chilichonse papepala, ndinkayamba ndaima ndi mmisiri pamalopo, n'kukhoma chikhomo iye akuona.

Nditalowanso mkati ndinapeza timizere titatu. Ndinaimba. Modemu yathu inalira, ya ku Lusaka inayankha, ndipo zinakokerana kulira kwa kanthawi, ina ikukweza ina ikutsitsa, kufunafuna liwiro limene zonse ziwiri zingathe. Kenako kunangoti zii.

"Yafa?" anafunsa amalume ali pakhomo.

"Iyayi. Zikakhala chete ndiye kuti zamvana."

Ndinanyamuka pampando kuti asisitala akhale. Uthenga woyamba unayenera kukhala wawo, chifukwa netiweki imene ingayende pokhapokha injiniya alipo si ya kiliniki. Anavala magalasi, n'kulemba ndi zala ziwiri: mankhwala a malungo, mabandeji, magolovesi, ndi mafuta a firiji ya katemera. Pansi pake anawonjezera kuti Kanakantapa yayamba kukamba. Anayang'ana pakatoni, anayang'ana pakompyuta, n'kudina okha.

"Yapita?"

"Yapita."

"Palibe na sitampa." Anavula magalasi. "Ba kalipentala, bwelani muone. Kalata yadutsa m'minda ya banthu."

"Nimve kuti yafika," anatero amalume, n'kukhala pabenchi pamodzi ndi odwala otsala.

Tinadikira ola limodzi, kenako tinaimbanso kuti tione ngati seva yatisungira kanthu. Panali kalata imodzi. Asisitala anaiwerenga mokweza, akumasulira m'Chinyanja mzere ndi mzere. Abwana analemba kuti uthenga wafika, mankhwala atumiza Lolemba, ndipo galimoto sibweranso mawa chifukwa palibe choti idzanyamule. Kwa ine analemba kuti ndipitirize, ndipo ndizitumiza lipoti sabata iliyonse.

Amalume anaimirira, anasasa utuchi pamalaya, n'kuuza amuna awiri aja kuti awathandize kubweza makwerero. Ndinawaperekeza mpaka pachipata. Ndinayamba kuthokoza, koma anandidula.

"Pitani mukauze mlongo wanga. Wakhala akunisowetsa mtendere chiyambire dzulo."

Kwa apongozi ndinafika dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Nkhani inali itafika kale ine ndisanafike, koma anandisiya kuti ndinene ndekha. Anamvetsera atatembenukira kumbali, akusankha nyemba palichero. Nditamaliza ananena kuti mawa linali tsiku la sikelo ya ana, kuti mawondo awo ankapweteka, ndipo kuti sankaona chifukwa choyendera mtunda wonsewo pamene munthu wina amagwira ntchito pakiliniki pomwepo.

Lachisanu m'mawa ndinakamutenga mwanayo. Apongozi anandipatsa khadi lake la sikelo litakulungidwa m'pulasitiki, chitenje, ndi mbatata yophika. Kubereka kumbuyo sindinkadziwa, choncho ndinamunyamula paphewa njira yonse. Pabenchi ndinali mwamuna ndekha pakati pa azimayi oposa makumi awiri, ndipo mmodzi anandionetsa mmene amamangira chitenje kuti chikoledwe pasikelo. Nthawi yathu itakwana asisitala anatenga khadi, anamupachika mwanayo, n'kuyang'ana muvi.

"Wakwela," anatero, akulemba kadontho pamwamba pa ka mwezi watha. "Mwezi wa mawa mubwele nafuti, ba tate. Manje chokamponi, kuli mzele."